Tsiku Limene Mpanda Unasiya Kugunda

Anabwera kudzamutenga Luckson ine ndikuchapa matewera. Sanamumange unyolo. A Ofisa Cynthia, wapolisi wa dera lathu, anangoima pakhomo n'kunena kuti, "Atate ake Racheal, tiyeni tikacheze pang'ono ku ofesi." Ndinadziwa kuti si kucheza wamba, chifukwa m'manja ananyamula jumbo, ndipo m'jumbomo munali sizasi ya mwamuna wanga, ija ya chigwiriro chofiira imene amadulira maluwa ku loji ya alendo kumene amagwira ntchito.

"Walakwanji?" ndinafunsa, thovu likudontha m'zala.

"Waya wa kumadimba wabedwa, mbali yonse ya kumtsinje. Njovu zalowa, zamaliza zonse. Sizasi iyi taipeza pansi pa polo la mpanda."

Kwathu kuno kufupi ndi Nkwali, madimba a kalabu yathu tinawazinga ndi mpanda wa waya wa magetsi a sola. Ukamagwira ntchito umamveka kugunda, ti, ti, ti, ndipo njovu zimaudziwa. Koma kuno munthu akaba waya, palibe amene amati waba waya. Amati akufuna kutchera misampha. Wa misampha akalowa m'ndende, potuluka amapeza mwana wake wayamba sukulu.

Ndinabereka Racheal wonyowa thewera n'kuwatsatira.

Ku ofesi anandilola kulankhula naye pawindo. Luckson ndi munthu wochedwa kulankhula, ndipo tsiku limenelo ndinafuna kumugwedeza kuti mawu atuluke.

"Dzulo linali gawo langa losadza nthambi," anatero. "Nthambi ikakhudza waya, magetsi amathawira pansi. Ndinakatenga kiyi wa bokosi kwa a Langford, n'kuzimitsa, n'kudula nthambi. Nditamaliza ndinayatsa. Ndinaumva ukugunda. Kiyi ndinawabwezera kunyumba kwawo."

"Nanga sizasi?"

"Anaibwereka. Anati akufuna kumetera mpanda wawo wa maluwa, ukwati wa mwana wawo wayandikira."

A Langford ndi woyang'anira mpanda wathu, amene amasunga kiyi ndi zipangizo zonse. Ndi mkulu wa mpingonso.

"A Langford akuti kiyi sanabwerere, ndipo za sizasi sakuzidziwa," anatero a Ofisa kumbuyo kwanga. "Kiyi tamupeza ali pa loko."

"Koma anagona m'nyumba! Mwanayu akumera mano, ine sindinagone, ndimamumva akuliza mkonono!"

"Mai, mkazi aliyense amanena choncho. Sindikuti mukunama." Anandiyang'ana mopanda nkhanza. "Galimoto ya ku Chipata ifika masana ano. Mukandibweretsera chinthu chogwirika isanafike, ndichigwira. Mawu okha sagwirika."

Ndinatuluka ndikuthamanga, osadziwa kolowera.

*

Kumadimba kunkanunkha ndowe za njovu ndi matimati oponderezedwa. Amai ena ankalira, ena ankatola zotsala mwakachetechete. Atandiona anatembenuka. Rosina yekha, mnansi wanga wa dimba loyandikana ndi langa, ndiye anabwera, khasu pa phewa, pakamwa patayamba kale.

"Iwe Tabeth, taona repu wanga! Taona! Ndimati ndikagulitse ku loji, lero adya a chitamba, ndipo sanasiye ngakhale zikomo. Ine sindikuti ndi mwamuna wako, iai, koma anthu akulankhula, ndipo amake Benji aja pakamwa pawo ngati wailesi yopanda batani..."

"Dzulo unachoka nthawi yanji?"

"Ine? Womaliza, monga mwa masiku onse. Luckson anadutsa apa, anandipatsa moni, ndikuthirira."

"Mpanda unkagunda?"

"Unkagunda. Ndinanenanso kuti wayambapo wotchi wathu." Anaima, khasu n'kutsika. "Koma dikira. Pamene ndimatsuka mapazi kuti ndizipita, kunali zii. Ndinaganiza kuti batire latopa."

"Luckson atapita kale?"

"Kalekale. Koma kubwerera n'kosavuta, mnzanga, a Ofisa atero."

Ndinatsitsa Racheal kuti ndiyang'ane mapolo. Anali ataima bwinobwino, amaliseche. Pa polo lililonse pamakhala makilipi, tizogwirira takuda ta pulasitiki timene timapana waya kuti asakhudze mtengo. Mbali ya kumtsinje yonse panalibe kilipi ngakhale imodzi. Ndinafufuza mu udzu. Panalibe yosweka, panalibe kachidutswa ka waya. Timabowo tokha.

"Chotsa mwana apo!" anakuwa Rosina. "Mapolo amenewo tinawapaka tsabola ndi oyilo wakuda sabata yatha kuti njovu zisayandikire, pamodzi ndi makilipi omwe. Mbali ino yokha, tsabola anatithera. Ine zala zinandiwotcha mpaka Lamulungu, ndinalephera ngakhale kukanda m'maso."

Ndinamunyamula asanafike. Kenako ndinachita zimene ndimachita nthawi zonse: kumutambasula zala, kumupisa chala m'kamwa. Ndinatulutsa kadothi ndi tsamba.

Rosina anaseka ngakhale anali ndi misozi. "Kasitomu wosecha katundu pa bodala! Mwana ameneyu adzakula akuganiza kuti chala cha amake ndi dzino lake. Musiye adyeko dothi, ife tinakula nalo."

Anthu amandiseka choncho. Sadziwa kuti Racheal chiyambire kukwawa ndatulutsamo batani, mutu wa chiwala, ndi mwala.

"Ukufuna wodziwa za waya?" anatero Rosina motsitsa mawu. "Kafunse mlamu wako wometa uja. Anthu samayiwala ntchito yawo yakale."

*

Rogers ndi msuweni wa Luckson. Ali ndi kashopu kometera pa msewu wopita ku eyapoti, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti ali mnyamata ankatchera nyama, mpaka anagona m'ndende. Ndinamupeza akumeta mdala wina, makina akulira ngati njuchi.

"Mlamu! Mwaswera bwanji? Mwabwera kuti ndikuloweni chokolo mwamuna akadali moyo?"

"Rogers, lero ayi."

Anazimitsa makina. Mdala uja anatsala ndi mutu theka.

"Ndamva," anatero. "Ndipo ndikudziwa chimene mwadzera. Dzulo ndinali ku Chinzombo, kumeta maliro a apongozi a mnzanga Maybin. Mitu ya banja lonse, ndi lumo, magetsi kulibe. Ndinagona konko, ndabwera pa njinga mmawa uno. Kafunseni, mupeza mudzi wonse ukung'anima."

"Sindinanene kuti ndi iwe."

"Maso anu anena. Ali ngati a mphoyo yomva fungo la mkango. Khalani pansi."

Sindinakhale. Ndinamuuza za mapolo amaliseche, za makilipi osowa. Anandiyang'ana ngati ndanena kuti mvuu yakwera mumtengo.

"Onse? Osasweka ngakhale imodzi?"

"Ngakhale imodzi."

"Ndiye si wakuba ameneyo, ndi m'busa." Anaseka. "Mlamu, ife masiku aja timafika ndi pulayala, apa dwe, apo dwe, kukulunga, kuthawa. Mtima uli m'kamwa. Kilipi ya chiyani? Udya? Kumasula kilipi imodzi n'kupotokola ngati ukuchotsa msomali m'thabwa. Mbali yonse ija, polo ndi polo? Ameneyo ndi munthu wosaopa kupezedwa pa mpanda. Ukamupeza akuti ndikukonza."

"Nanga sizasi ingadule waya?"

"Ya maluwa? Ingadule kamodzi, kenako mano ake ngati a nkhalamba iyi."

"Ndimalizeni, anyamata inu!" anatero mdala uja. "Ndikapita chonchi akazi anga akandithamangitsa."

Racheal anali pansi, akukwawira ku mulu wa tsitsi. Ndinamukwatula, zala, kukamwa. Tsitsi la imvi lokhalokha. Rogers anapukusa mutu.

"Mudzatulutsamo njinga tsiku lina." Anayatsa makina, n'kuwonjezera mokweza kuti apose phokosolo. "Mukapita kwa a Langford mukandifunsire. Alonjeza apongozi a ku Lusaka kuti pa ukwati wa mwana wawo Purity nyama idzadyedwa mpaka agalu kukana. Ine ndikuwerenga mbuzi m'khola mwawo, ndikuona ziwiri, ina yake yachifuwa. Mwina adzachita za mikate isanu ija."

Mdala anaseka. Ine sindinaseke. Ndinabereka Racheal n'kulunjika kwa a Langford.

*

Nyumba ya a Langford imadziwika ndi ukhondo. Pabwalo posesedwa mizere, njerwa zopaka laimu. Pakhonde pali mashelefu a zitini, ndipo m'chitini chilichonse muli zake: misomali yakale yowongoledwa, zivindikiro za mabotolo, majumbo opindidwa ngati mipango. Munthu ameneyu sataya kanthu. Anawo amati ngakhale ndodo ya machesi yopsa amaifunsa kaye ngati yathadi ntchito.

Chimene ndinaona poyamba ndi mpanda wa maluwa. Unali wometedwa mwatsopano, pamwamba pali thyathyathya ngati tebulo.

"Amake Racheal, fikani," anatero a Langford, ataimirira pakhonde, malaya otsekedwa mpaka pakhosi. "Nkhaniyi yandipweteka kwambiri. Mnyamata uja ndinkamutenga ngati mwana wanga. Koma Malemba amati chobisika chidzaululika."

Ndinagwada. "Muli bwanji, atate?"

"Tili m'mayesero, mwana wanga."

Akazi awo, mai Judith, anatuluka ndi mphasa. Maso awo anali otupa. Dimba lawo linali pakona ya kumtsinje, loyamba kupondedwa. Anayala mphasa, analowanso, n'kutuluka ndi tsache ndi chitini china, n'kuchiika pambali panga.

"Ndikufuna kusesa m'kati," anatero, akundiyang'ana. Ine maso anali pa mpanda wa maluwa.

"Mwaumeta bwino, atate," ndinatero.

"Ndi chikwanje. Dzanja likazolowera silisowa za azungu."

Chikwanje chimasiya nthambi zophwanyika, zoyera m'mphepete. Izi zinali zodulidwa mopendekera, bwinobwino, monga amadulira Luckson. Inali ntchito ya sizasi.

"Luckson akuti anakubwezerani kiyi."

"Munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Ine dzulo madzulo ndinali ku kwaya ya ukwati."

"Munachedwa kufika," anatero mai Judith, akusesa pamalo posesedwa kale.

"Ndinayamba ndapemphera, amake Purity. Pitirizani ntchito yanu." Anatembenukira kwa ine. "Bwerani muone chimene mwamuna wanu watiwonongera."

Ananditengera kumapeto kwa khonde. Racheal ndinamusiya pa mphasa, ndikuganiza kuti mai Judith ali pompo. A Langford anatsitsa jumbo pa shelefu n'kuimasula. Munali makilipi atsopano, akuda bii, onyezimira.

"Otsala ndi awa okha. Amachokera ku Lusaka awa, kuno simungawapeze. Anthu sadziwa kufunika kwa chinthu. Amangoona kapulasitiki." Anatola imodzi n'kuisisita ndi chala ngati kamwanapiye. "Kanthu kakang'ono, koma popanda iko mpanda wonse ndi chingwe choyanikira zovala."

Foni inalira m'chitenje mwanga. Anali Rosina, akupuma mothamanga.

"Tabeth! Galimoto ija yadutsa pamsika! Thamanga!"

Sindinatsanzike. Ndinamukwatula Racheal pa mphasa, kumuponya kumsana, kumanga chitenje ndikuthamanga kale. Kumbuyo ndinamva mai Judith akuitana, "Amake Racheal! Amake Racheal, taimani!" Sindinacheuke.

*

Ndinafika galimoto itaima, injini ikulira. A Ofisa anali atamutulutsa kale Luckson, nsapato zake zili m'manja.

"A Ofisa!" ndinakuwa. "Mpanda wa maluwa wa a Langford wadulidwa ndi sizasi! Rosina anamva magetsi akuzima Luckson atapita! Wakuba sanadule waya, anamasula makilipi, ndipo..."

"Pang'onopang'ono, mai." A Ofisa Cynthia anamvetsera zonse mpaka kumapeto. Kenako anapumira m'mwamba. "Sizasi m'dera lino si imodzi. Wozimitsa magetsi Rosina sanamuone. Zimene mwanenazi ndizilemba, zikathandiza kukhoti. Koma munthuyu ndiyenera kumutumiza."

"Chonde!"

"Ndinati chogwirika."

Apo ndi pamene Racheal anakuwa.

Mwana wanga ndimadziwa kulira kwake konse, kwa njala, kwa tulo, kwa mano. Uku kunali kwina. Anadzipinda kumsana ngati walumidwa ndi chinkhanira. Ndinamasula chitenje. Nkhope inali yofiira, dovu likuchucha, milomo yakuda ndi mafuta. Ndinapisa chala.

Chinatuluka ndi kilipi.

"Mayo, mwana wanga! Mayo!" Ndinaiponya pansi, kumupukuta m'kamwa ndi chitenje, kumupatsa bere. Anakana, analira, kenako anagwira n'kuyamwa akusisima. Luckson anataya nsapato n'kugwada pambali panga. Palibe anamuletsa.

Nditakweza maso, a Ofisa anali atatola kilipi ija ndi mpango. Sinali yakuda bii. Inali yotuwa ndi dzuwa, ndipo m'mipata yake munali phala lakuda. Anainunkhiza, anakhudza ndi nsonga ya chala n'kulawa. Anatsokomola.

"Tsabola."

"Ndi oyilo," ndinatero. "Anapaka mbali ya kumtsinje yokha. Imene yabedwayo."

"Mwanayu waitola kuti? Munali kumadimba mmawa."

"Kumadimba ndinamusecha. Ndinapeza dothi ndi tsamba, Rosina anaona, anandiseka. Kwa Rogers ndinamusechanso, tsitsi lokha, nayenso anandiseka. Ine mwanayu sindichoka naye pamalo osamuyang'ana m'manja ndi m'kamwa. Mudzi wonse ungachitire umboni, umanditcha kasitomu." Ndinapukuta milomo ya Racheal. "Lero lokha, malo amodzi okha, ndinathamanga osamuyang'ana."

"Kuti?"

"Pa mphasa ya a Langford."

A Ofisa anayang'ana kilipi, anayang'ana Luckson. Kenako anapita kwa dalaivala n'kugogoda pa chitseko.

"Zimitsani injini."

*

Tinawapeza a Langford akuthirira maluwa. Ataona yunifolomu anaika kheni pansi mosamala, kuti madzi asatayike.

"A Ofisa, mwaswera bwanji? Kilipi? Inde, ndimasunga makilipi, ndi udindo wanga. Amake Racheal awaona okha."

"Ndaona atsopano," ndinatero. "Pa mphasa panali chitini china."

"Zitini pano n'zambiri."

Chitini chija panalibe. Mphasa inali itapindidwa. Ndinayang'ana mashelefu, zitini zofanana mzere ndi mzere, ndipo ndinaona a Langford akumwetulira pang'ono.

Chitseko chinatseguka. Mai Judith anatuluka ndi chitini m'manja onse awiri, ngati akupereka chopereka, n'kuchiika pamapazi pa a Ofisa.

"Amake Purity," anatero a Langford motsitsa. "Lowani m'nyumba."

"Ndalowa m'nyumba zaka zambiri," anayankha osawayang'ana.

Fungo la tsabola linatifika chivindikiro chisanachoke. Munali modzaza makilipi otuwa, amafuta, osanjidwa bwino mitu kumodzi. Panalibe yosweka.

"Waya ali m'khola la nkhuku, pansi pa masaka," anatero mai Judith. "Wina wake apotera kale misampha."

A Ofisa analowa m'kholamo n'kutuluka ndi mkombero wa waya paphewa, ndi misampha ingapo yopotedwa kumene, makosi ake ali yasa. Anthu anali atayamba kudzaza kuseri kwa mpanda wometedwa uja. Ndinamva Rosina akuti, "Nyama ya ukwati! Repu wanga wafera nyama ya ukwati!"

A Langford sanayang'ane misampha. Maso awo anali pa chitini.

"Bwanji simunangowataya mumtsinje?" anafunsa a Ofisa, ngati munthu wofunadi kudziwa.

A Langford anawayang'ana modabwa. "Kutaya? Abwinobwino? Ndimati waya watsopano akabwera tidzawagwiritsenso ntchito." Pamene ankawatengera ku galimoto anacheukanso. "Musawasakanize ndi atsopanowo. Amafunika kutsuka kaye."

Mai Judith anandikoka pambali. Anagwira chibwano cha Racheal n'kuyang'ana milomo yake yotupa, misozi n'kuyamba.

"Ndinakuikirani chitini pambali penipeni, chosatseka bwino. Ndimati mayi uyu amaona chilichonse, achiona. Pakamwa panga sipakanatha kutchula mwamuna wanga. Koma mnyamata wosalakwa apite kundende ine ndikusesa?" Anapukuta m'maso. "Sindinaganize za mwana. Nditaona kuti wafumbata kanthu ndinakuitanani. Mundikhululukire."

Ukwati wa mwana wawo unali utagwa pamodzi ndi mpanda, ndipo anaugwetsa ndi manja awo. Ndinangowagwira dzanja.

A Ofisa anamumasula Luckson dzuwa lisanalowe. Sizasi anati itsale ngati umboni, ndipo iye anadandaula njira yonse kuti akanena chiyani ku loji, ngati kuti mmawa uja sanali pa khomo la ndende. Anandilanda Racheal n'kumunyamula paphewa. Titafika pa mtengo wa masau anamutsitsa kuti amange nsapato, ndipo mwanayo, milomo ikadali yotupa, anatambasula dzanja n'kutola kanthu m'fumbi.

Ndinawerama. Koma chala cha Luckson chinali chitafika kale.